Msoti Wanga kwa Anthu Olavula Mowa

Ndayenda ine NaJere, ndayenda, ndayenda ndi nkhuku pamiyendo m'dziko la eni. Khalani pansi anzanga a ku Ntcheu, inu amene munamwa masese anga zaka zonse zija, ndikuuzeni kumene ndinakapeza anthu ophika mowa n'kumaulavula.

Ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ndinabwera kudzaona Tadala akulandira pepala lake la unamwino, Tadala mdzukulu wanga, amene ndinamlera mayi ake atatisiya. Ndinati ndikhala miyezi itatu. Korona anati khala pansi gogo. Ndege zinaima, zipata zinatsekedwa, ine phee m'nyumba ku Cannington, kudya, kunenepa, kuvina ndekha kukhitchini mwana ali ku shifiti kuchipatala ku Murdoch.

Ndiye mwana uja anapeza mwamuna. Dzina lake Luka, mzungu wamtali ngati mlongoti, wa manja okhakhala. Kwawo ndi kummwera, ku Margaret River, kumene bambo ake amalima mphesa n'kumaphika vinyo wofiira. Tadala anati, "Agogo, ine ukwati wa ku ofesi kokha ayi. Ndikufuna chinkhoswe. Ndipo mukakana inu, ine sindikwatiwa." Mwini mbumba, mwana wanga Yohane, ali ku Ntcheu, ndege kulibe. Pa foni anati, "Amayi, maso anga ndinu. Mukaone pakhomopo. Mukavomera ndavomera, mukakana ndakana." Ndinavina tsiku limenelo, ndinavina. Ukwati wonse m'kamwa mwanga muno, m'kamwa mwa magweru.

Koma chinkhoswe chifuna mwamuna wolankhula, chifunanso msoti wopatsa akuchimuna. Mwamuna tinabwereka kutchalitchi, bambo Kamwendo a ku Kasungu, osamalira nkhalamba ku Nedlands, munthu wofatsa, wa galimoto yokalamba kuposa nkhalamba zawozo. Msoti ndiye unavuta. Kuno nkhuku zimakhala m'firiji, zopanda mutu, zopanda nthenga. Ungapereke nkhuku yozizira kwa apongozi? Tadala anafufuza pa foni mpaka anapeza mayi wina woweta kuseri kwa nyumba yake. Mayiyo anatipatsa yofiira, yonona, n'kunena kuti dzina lake ndi Dolofe, amakonda mavwende, tisamuphe, ndipo tizitumiza zithunzi. Analira potsanzikana naye. Ine ndinamugwira paphewa mayiyo. Za anyezi ndi tomato sindinanene.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Mzinda unali utangomasulidwa, ndipo lamulo linali lakuti wochoka ku Perth azivala masiki kulikonse apite. Ine chitenje chatsopano, duku latsopano, masiki a maluwa. Bambo Kamwendo pa chiwongolero, Tadala pambali pawo, ine kumbuyo ndi Dolofe m'katoni, ndipo pa mapazi anga chigubu chachikulu cha madzi chimene mwini galimoto anachiika osanena kanthu.

Msewu wake anzanga, msewu wake. Wosalala ngati mphasa yatsopano. Mbuzi palibe, wogulitsa kachewere palibe, ngakhale munthu mmodzi woti umkwezere dzanja palibe. Ndinaona kuti tifa ndi zii, ndiye ndinapeka kanyimbo:

Tadala wapeza, wapeza wamtali,
Dolofe tiye, ukaone tambala.

Bambo Kamwendo ankavomera ndi besi, "Tiye, tiye." Tadala ankabisa nkhope.

Cha ku Mandurah tinaima pothira mafuta. Pakhomo la chimbudzi pali kachithunzi ka timadontho takuda, Tadala kuloza foni pamenepo, akuti boma lidziwe kuti NaJere anapambuka pano. Kenako anandifinyira sanitaiza m'manja. Ndinanunkhiza. Kachasu, anzanga, wa mutu weniweni, uja woyamba kudontha, anthu akusambira m'manja pakhomo la chimbudzi. Ndinadziwa pomwepo kuti dziko lino mowa saulemekeza.

Awiriwo analowa kukagula zakudya, ine ndinabwerera kugalimoto poti nkhuku m'sitolo salola. Ndipeze Dolofe kukamwa yasa, mapiko lende, maso akutembenuka. Dzuwa la kuno silicheza. Ndinatsegula chigubu. Ndinamwetsa, ndinasambitsa, ndinanyowetsa katoni, otsala ndinatsuka mapazi anga poti anali atatupa. Dolofe anadzuka, anadzikung'untha, anati kwee. Tiye, tiye.

Titadutsa Bunbury galimoto inatsokomola. Tonse tinayang'anana, pakuti masiku amenewo chifuwa chinali mlandu. Inatsokomolanso, nthunzi tolotolo kutsogolo, bambo Kamwendo n'kuikhotetsera kumbali, pansi pa mtengo wa bulugamu.

"Mayi, tandipatsirani chigubu chija."

Ndinapereka. Anachigwedeza.

"Madzi aja?"

"Anamwa Dolofe."

"Chigubu chonse?"

"Anasambanso."

Anavula chipewa, anachivalanso. "Mayi, madzi amenewo ndi a ledieta. Imadontha. Ndimati ndithira pa Bunbury."

"Nanga pa Bunbury simunaime bwanji?"

"Ndimavomera nyimbo yanu."

"Ndiye mlandu ndi wa besi," ndinatero. "Ndipo tamverani bambo. Ledieta ikafa kuli amakaniko. Msoti ukafa tikapereka chiyani kwa akuchimuna, ledieta?"

Tadala anatulutsa foni. "Ndimuimbire Luka adzatitenge."

"Bweza m'thumba."

"Agogo, pulizi. Akutidikira."

"Akuchikazi kukafika atanyamulidwa ndi mkamwini ngati matumba a feteleza? Munthu woti wanditola pamsewu ndikamkana bwanji?"

"Ndiye mukufuna mukamkane?"

"Ndikufuna ndikathe kumkana. Ukapanda kutha kukana, kuvomera kwako n'kwa mbuzi ya pachingwe."

Tadala anaimbira a bulekidauni, aja okoka galimoto zakufa. Anati tikubwera. Kubwera kwa a bulekidauni n'chimodzimodzi dziko lonse lapansi.

Tinadikira, tinadikira. Ntchentche za kuno sizifuna chakudya, zifuna maso ako. Magalimoto ankadutsa atakoka maboti, agalu atasuzumira pawindo. Bambo wina wachifundo anaima chapatali, anaona masiki athu, anadziwa kuti ndife a mumzinda wa matenda. Anatula botolo la madzi pansi, anabwerera chafutambuyo, anatikwezera chala chachikulu, ulendo. Bambo Kamwendo anathira madziwo, galimoto inangoti tseketseke, osadzuka. Anati injini yapsa kale.

Ndiye m'katoni munamveka phokoso. Kokoko, kokoko, kwee. Ndisuzumire, dzira. Lofunda, labulauni, lili gone pa nyuzipepala.

Anzanga, inu mukudziwa. Kuchinkhoswe timapereka msoti, wosayamba kuikira, kuti akuchimuna adziwe mwana amene tikuwapatsa. Tsono uyu waikira pamsewu, masana, pamaso pa nkhoswe yobwereka.

Ndinayang'ana Dolofe. Ndinayang'ana Tadala.

"Pali zoti undiuze, mwana iwe?"

"Agogo, ine ndi nkhuku tikugwirizana pati?"

"Ndangofunsa."

"Azungu sadziwa za msoti ndi thadzi," anatero bambo Kamwendo. "Kwa iwo nkhuku ndi nkhuku."

"Iwo sadziwa, ine ndikudziwa. Tsegulani kutsogoloko."

Ndinaliika dziralo pa injini yotenthayo, ndinalitembenuza, ndinalitembenuzanso. Linapsa mbali imodzi, mbali ina ayi, koma ndinadya lonse, makoko ndinakwirira ndi chidendene. Umboni unatha. Dolofe anabwerera pa utsikana. Ledieta ija, mwaona, inafera ntchito.

Dzuwa litapendeka bulekidauni inafika, chigalimoto chachikasu cha magetsi pamutu. Wotsika ndi mzimayi, wa msinkhu wanga, kabudula, nsapato za asilikali, imvi mbuu. Dzina a Sharoni. Anakoka galimoto yathu ndi unyolo mpaka inakwera pamsana, ngati mwana kumbuyo kwa mayi ake. Ine ndinati ndikwera mommo pamwambapo, ndizikaona dziko ngati wandale pa msonkhano. Anati lamulo silola. Tinalowa kutsogolo tonse, muli mipando iwiri ya kumbuyo, Dolofe pamiyendo panga. A Sharoni anati magalaja a ku Busselton atseka kale, ndipo kwawo ndi komwe tikupitako, akatitula pakhomo penipeni.

Atamva kuti tikupita kwa olima mphesa, pakamwa panatseguka. Iwo kulankhula, Tadala kumasulira, ine kufunsa.

Akuti dziko limenelo linali ndi eni ake akuda kuyambira kalekale, ndipo alipobe. Agogo awo a Sharoni anabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Mangalande, boma litawalonjeza minda. Anafika, anapatsidwa nkhwangwa, analozeredwa nkhalango ya mitengo yoti anthu asanu sangaikumbatire. Dulani, muwete ng'ombe za mkaka. Anthu oti kwawo ankasoka nsapato. Anadula, analira, ng'ombe zinaonda, ambiri anathawa. Otsala anakhala amphawi a mkaka, zigamba m'mawondo.

"Nanga mowa unabwera ndi ndani?"

"Akuti madokotala, agogo."

"Madokotala a chipatala?"

"Eya. Akuti zinayamba a Sharoni ali kamtsikana. Munthu wina wophunzira za nthaka analemba kuti mvula ya kuno, mphepo ya kunyanja ndi miyala yake zikufanana ndi dera lina la ku Falansa kochokera vinyo wotchuka. Madokotala atawerenga anagula malo a miyala okhaokha, amene alimi a ng'ombe ankawakana, n'kumabwera Loweruka kudzabzala. Anthu ankawaseka."

Ndinaseka nanenso. Kwathu dokotala amati gogo siyani mowa. Kuno dokotala amavula jekete n'kukalima mowa. Ndiye iwe Tadala sunasochere, wangotsata akuluakulu ako a ntchito.

"Koma pamiyala amabzaliranji?"

A Sharoni anati mpesa ukadya bwino umachita ulesi, umangobala masamba. Uzunzike, mizu ifunefune madzi pansi pa miyala, ndiye umabala timphesa tating'ono, takuda, ta khungu lolimba, ndipo mtundu ndi ukali wa vinyo zimachokera m'khungumo. Ndinati zoona, wodya bwino amangobala masamba. Bambo Kamwendo, amene Perth wawanenepetsa, anakokera mimba m'kati.

Ndipo mphesazo zili ndi mafuko, anzanga, monga ife a Jere ndi a Maseko. Mfumu ya kumeneko ndi Kabene. Ameneyo ndi wouma mutu, amachedwa kupsa, amathyoledwa anzake onse atatha, ndipo akakhala wamng'ono amamanga lilime. Ndiye amamusakaniza ndi Melo, wofewa, wofatsa, womupepesera kwa alendo. Palinso Shirazi, wa tsabola. Oyera aliponso, otchuka ndithu, koma a Sharoni anati amenewo ndi akumwa masana, ife tikupita kwa ofiira.

"Amapsa masiku angati?"

Tadala anafunsa, anamva yankho, anazengereza. "Akuti amawira masiku owerengeka, kenako amagona m'migolo ya matabwa chaka ndi miyezi. Akamuthira m'botolo, wabwino amatha kugonanso zaka khumi."

"Zaka khumi mowa uli m'nyumba? Kuno kulibe maliro? Kulibe alamu?"

A Sharoni anaseka mpaka bulekidauni inagwedezeka. Ine mowa wanga ukapsa m'mawa, madzulo mbiya ili chafufumimba, agalu akunyambita.

Busselton tinangomudutsa. Tinafika pa katauni kena, Cowaramup, ine ndinati imani. Ng'ombe, anzanga. Zakuda ndi zoyera, zonenepa, zili m'mbali mwa msewu, pakhomo la sitolo, pakhomo la positi, popanda mbusa. Mtima wa Chingoni unadumpha. Ndinatsika ndi Dolofe kukhwapa, ndinayandikira imodzi, ndinaiimbira likhweru. Osaphethira. Ndinaigogoda pamimba. Ngo, ngo, ngati chigubu cha bambo Kamwendo.

"Zoumba, agogo. Akuti n'zokumbukira masiku a mkaka aja."

Ndinabwerera m'galimoto mwakachetechete. Ndinayamba kuda nkhawa. Anthu oti ng'ombe zawo n'zoumba, tambala wawo akakhala wotani? Ine ndazunzika ndi wamoyo, ndadya dzira losapsa.

Tinakhota kulowa msewu wafumbi. Minda ya mpesa mizeremizere, yonse yofundidwa maneti oyera, kuchokera kuno mpaka uko. Ndinati a zaumoyo akanaona akanalira, maneti onsewa osagonamo munthu. Akuti n'zotchinga mbalame. Ndinapempha a Sharoni ayatse magetsi a pamutu aja, ndipo tinalowa pakhomo la apongozi tikuthwanima, lipenga likulira, galimoto yathu pamsana. Sindinafikepo pa chinkhoswe mwaulemu chotere.

Luka anathamanga, anagwada monga tinamphunzitsira, mawondo onse awiri m'fumbi. Bambo ake a Petulo, wamfupi, wofiira, manja akuda ndi madzi a mphesa poti inali nthawi yokolola. Mayi ake akumwetulira kumbuyo. Pakhonde, m'kakhola ka galu, tambala wamoyo, wa lipombo, akuyang'ana Dolofe ndi diso limodzi. Mtima unakhala pansi.

A Petulo anati tisanayambe mwambo atilandire ndi vinyo. Anatilowetsa m'chinyumba chozizira, migolo mbali iyi, migolo mbali iyo, fungo lake ngati m'nyumba mwanga tsiku lachitatu la mowa. Anatsegula mgolo, anatunga ndi kachubu kagalasi, anathira m'matambula. Anatenga yawo. Ndinati eya, mwambo akuudziwa, mwini mowa amayamba ndiye. Anaizunguza, anaizunguza. Analowetsa mphuno yonse. Anapsontha, anachukucha m'kamwa ngati akutsuka mano, maso ali kudenga.

Kenako anawerama, psuu, m'ndowa.

Anapukuta pakamwa, anamwetulira, n'kundipatsa tambula yanga.

Ndinaiika pamgolo. Ndinanyamula Dolofe.

"Bambo Kamwendo, kaimitseni a Sharoni asanatsitse galimoto. Tikubwerera."

"Agogo," anatero Tadala.

"Iwe khala chete, lero sulankhula. Mwini mowa amamwa poyamba, n'kumeza, alendo aone kuti mulibe kanthu. Chimenecho ndinachita zaka zanga zonse, chipanda chilichonse. Awa alawa, amva chimene chilimo, alavula, ndiye akupatsa ine?"

"Mayi, ndi ntchito yawo," anatero bambo Kamwendo. "Amalawa migolo yonseyi tsiku lililonse. Atati azimeza, pofika masana agona pansi. Onse a vinyo amalavula."

"Onse? Ndiye mwana wanga akulowa m'mudzi wa olavula. Munthu wolavula chimene waphika yekha ndi manja ake, mwana wa eni adzamsunga m'kamwa? Auzeni choncho. Musachotsepo, musawonjezepo."

Bambo Kamwendo anatuluka thukuta, koma anamasulira. Luka anayera nkhope. Tadala misozi ili chuchuchu kulowa m'masiki.

A Petulo anandiyang'ana. Anafunsa kanthu.

"Akuti achite chiyani?" anatero bambo Kamwendo.

"Ameze."

A Petulo anatenga tambula yanga yomwe ija, anaikweza, anamwa theka. Ndinayang'anitsitsa pakhosi. Kanakwera, kanatsika. Anatsegula pakamwa kundionetsa, ngati mwana amene wamwa mankhwala a malungo.

Ndinapatsa Luka nkhuku kuti andigwirire, kugwirira kokha. Ndinatsitsa masiki. Ndinamwa.

Kabene uja, anzanga. Anandimanga lilime ngati nthochi yosapsa, mano onse otsala anauma. Ndinati ndalakwa kubwera. Koma kumbuyo kwake kunabwera nthudza zakupsa, ndi kafungo ka masamba, n'kukhala pakhosi osachoka, ngati mlendo amene wapeza mpando wabwino.

"Wina," ndinatero.

Mgolo wachiwiri, wosakaniza ndi Melo. A Petulo kumeza, ine kumwa. Ameneyo ndiye anali ndi ulemu, analowa ndi odi. Wachitatu Shirazi, a Petulo kumeza, ine kumwa, tsabola pachifuwa, kutentha mpaka m'makutu. Wachinayi sindikumbuka dzina. Ndinawauza chilungamo, kuti mowa wawo ulibe masese, sukhutitsa, munthu sangapite nawo kumunda. Anavomera kuti ndi zoona. Apa n'kuti atakhala pansi, atatsamira mgolo, akuseka chilichonse, poti munthu wazaka zonsezo m'chinyumba chimenechi anali asanamezepo migolo inayi motsatizana.

Kenako anadzuka, anapepesuka kupita kuseri, anabwera ndi botolo lafumbi, pepala lake lachikasu ndi ukalamba. Analankhula motsitsa. Bambo Kamwendo anamasulira motsitsanso.

"Akuti uyu ndi Kabene wa chaka chimene Luka anabadwa. Anamupatula okha, anati adzatsegula mwanayo akadzabwera ndi mkazi. Akuti kunabwera zaka zovuta, anagulitsa zambiri, ili sanagulitse."

Ndinawerengera mumtima. Tsiku limene botololi linagonekedwa, mayi ake a Tadala anali asanathe n'komwe msinkhu wovala chilundu. Mowa unayamba kudikira Tadala wanga iye asanabadwe. Ine amene ndinaseka m'bulekidauni, apa sindinaseke.

A Petulo anakankhira ndowa ija panja ndi phazi. Anathira, anamwa poyamba, anameza osauzidwa. Ndinamwa. Ukali wonse uja unali utatha, wofewa, wozama, ngati nkhalamba imene inasiya ndewu koma nkhani zake ikadali nazo.

Ndinalanda Dolofe kwa Luka. Ndinampatsa bambo Kamwendo, bambo Kamwendo anagwada, anampereka m'manja akuda aja a Petulo, ndi mawu onse oyenera, ena a Chikasungu koma ndinawalekerera. Tambala anabwera kwa ife. Ndinaimba nthungululu m'chinyumba cha migolo, inabwerera kuchokera kudenga ngati tilipo amayi khumi. A Sharoni panja anayankha ndi lipenga. Tadala anandikumbatira, kulira ndi kuseka pamodzi, ine kuvina, kuvina, tambala kukhwapa.

Foni inalira. Yohane, ku Ntcheu, atakwera pachulu kusaka netiweki.

"Amayi, ndauma pano kudikira. Mwaona pakhomopo? Anthuwo ndi otani?"

"Ndavomera, mwananga."

"Koma ndi otani?"

"Ndi olavula. Koma ukawauza, amameza."